Curcumin watsitsa nitrite mu RAW 264.7, kodi ndilembe kuti waletsa kutupa?

Pipeti_Yakale
Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni maganizo. Ndikuyesa curcumin, wachikasu uja wa mu turmeric, pa maselo a RAW 264.7 (ma macrophage a mbewa, maselo a chitetezo cha m'thupi) oputidwa ndi LPS, chinthu cha pa khungu la bakiteriya chimene chimayambitsa kutupa. Ndikuthira maselo 50,000 pa well (kadzenje) iliyonse m'puleti ya ma well 96, agone usiku umodzi, kenako curcumin kwa ola limodzi, kenako LPS ya 1 µg/mL kwa maola 24. Sitoko ndi ya 10 mM mu DMSO (chosungunulira mankhwala), milingo ndi 5, 10, 25 ndi 50 µM. Pa Griess, mayeso a nitrite yochokera ku nitric oxide imene maselo oputidwa amatulutsa, nitrite ikutsika bwinobwino, moti pa 50 µM yangotsala pang'ono kufanana ndi ma well opanda LPS. Kodi zimenezi n'zokwanira kunena kuti curcumin amaletsa kutupa m'maselo a chitetezo cha m'thupi?

Griess540
Tisanapite patali, maselo a pa 50 µM ali moyo? Munawaona pa maikulosikopu musanatape madzi a pamwamba?

Pipeti_Yakale
Ambiri ndi obulungira, ena akuyandama. Ndimayesa ndi LPS yachita zimenezo.

Griess540
Ayi achimwene, LPS siwabulungiza, imawatambasula. Selo la RAW 264.7 likaputidwa limaphwathalala, limatulutsa timiyendo, ndipo mkati mwake mumaoneka timabowo. Lobulungira n'kumayandama ndiye kuti likufa kapena lafa kale. Nitrite yanu pa 50 µM yatsika chifukwa oipanga atha. Maliro sakhosomola, koma sitinena kuti chifuwa chapola. Mlingo uliwonse umene wapha maselo oposa gawo limodzi mwa magawo khumi, kapena tinene awiri mukafuna kulekerera, musauwerengere pa nkhani ya kutupa.

Mayi_Western
Palinso china chimene a Griess540 sanatchule. Tawerengani DMSO wanu. Kuchoka pa 10 mM kufika pa 50 µM ndiye kuti mwasungunula ka 200, kutanthauza kuti m'ma well amenewo muli DMSO wa 0.5%. Pa 5 µM muli 0.05% yokha. Choncho pamene curcumin akukwera, DMSO nayenso akukwera kakhumi, ndipo DMSO akachuluka amatha kutsitsa yekha nitric oxide ndi ma cytokine, mapuloteni onyamula uthenga wa kutupa. Simungadziwe kuti wagwira ntchito ndi uti.

Konzani motere. Curcumin amalemera 368.4 g pa mole, ndiye 7.37 mg mu 1 mL ya DMSO ikupatsani 20 mM. Milingo yonse yotsika muikonzere mu DMSO momwemo: 20, 10, 5, 2.5, 1.25 mM. Kuchokera m'kachubu kalikonse tengani 1 µL pa 1 mL ya medium yofunda, mugwedeze nthawi yomweyo. Well iliyonse ikhala ndi DMSO wa 0.1% ndendende, ndipo ma well a LPS yokha nawonso muwathire DMSO wa 0.1%. Sitoko muigawe m'timachubu ting'onoting'ono tokutidwa ndi foyilo, pa -20 °C, kachubu kamodzi ntchito kamodzi. Mukathira mu medium yozizira kapena yopanda seramu muona timibulu tachikasu pansi, ndiye kuti mlingo umene mwalemba m'buku si umene maselo akulandira.

Kemisiti_Wokayika
Ine ndingonena poyera, mankhwala mwasankha ovuta. Mu 1997 Wang ndi anzake anaonetsa kuti curcumin mu phosphate buffer ya pH 7.2 pa 37 °C amaphwasuka pafupifupi 90% m'mphindi 30 zokha. Mu medium ya seramu 10% amakhalitsako, koma pofika maola 8 theka limakhala litapita. Nanga pa maola 24 mukuyesa chiyani, curcumin kapena zidutswa zake monga vanillin ndi ferulic acid? Mu 2017 Nelson ndi anzake analemba mu Journal of Medicinal Chemistry kuti curcumin ali m'gulu la PAINS, mankhwala amene amaoneka ngati akugwira ntchito pafupifupi pa mayeso alionse chifukwa amamata mapuloteni, amagwira zitsulo, amaundana, ali ndi mtundu ndiponso amawala.

NaZitsamba
A Kemisiti, pepala limenelo tonse tinaliwerenga, koma musalisandutse lemba loyera. Kumata mapuloteni kumene mukunenako ndi kumenenso kumafotokoza mmene amagwirira ntchito. Curcumin ali ndi malo awiri amene amalumikizana ndi cysteine, kachidutswa ka m'mapuloteni. Akagwira enzyme ya IKK, IκBα amene amatsekereza NF-κB (puloteni yoyatsa majini a kutupa) saphwanyidwa, p65 yemwe ndi mbali ya NF-κB salowa m'nyukiliyasi, ndipo majini a iNOS (enzyme yopanga nitric oxide), COX-2, TNF-α ndi IL-6 sayatsidwa. Akagwira Keap1, Nrf2 amamasuka n'kukweza heme oxygenase-1. Brouet ndi Ohshima anaonetsa kale mu 1995, m'maselo omwewa a RAW 264.7, kuti nitrite imatsika ndi theka pa 6 µM, mlingo wosapha maselo. Si zonse zili zabodza.

Kemisiti_Wokayika
Sindinati zabodza mayi. Ndati wogwira chilichonse ndi wovuta kumukhulupirira. Komanso kumbukirani kuti nkhani ya curcumin ndi NF-κB inatchuka kwambiri ndi labu ya Bharat Aggarwal ku MD Anderson, ndipo mapepala ambiri a labu imeneyo anadzachotsedwa m'magazini chifukwa cha zithunzi zokayikitsa. Wophunzira aliyense ayang'ane kaye ngati pepala limene akulitchula silinachotsedwe.

NaZitsamba
Pamenepo sindikutsutsani. Koma malabu ena osakhudzana nawo anapezanso kuti IκBα amatetezeka.

Griess540
Tibwerere ku puleti ya mnzathuyu. Griess ili ndi misampha yake. Kachitidwe koyenera: 50 µL ya madzi a pamwamba, 50 µL ya sulfanilamide 1% mu phosphoric acid 5%, mudikire mphindi 5 mpaka 10 mumdima, kenako 50 µL ya NED 0.1%, mudikirenso chimodzimodzi, n'kuwerenga pa 540 nm mphindi 30 zisanathe. Sitandadi ya sodium nitrite, kuyambira 0 mpaka 100 µM, muisungunule mu medium yomweyo imene maselo anakhalamo, osati m'madzi, chifukwa phenol red ndi seramu zimasintha kawerengedwe.

Tsopano curcumin amamwa kuwala kwambiri cha pa 425 nm, koma mchira wake umafikako cha ku 540 akachuluka. Ndiye pafunika mzere wa ma well opanda maselo, a medium ndi curcumin yekha pa mlingo uliwonse, kuti muchotsere. Chachiwiri n'chobisika kwambiri: curcumin amatha kumeza nitric oxide mwachindunji. Nitrite ikatsika mwa njira imeneyo, selo silinasinthe kanthu, iNOS ikadali pamwamba. Kuti musiyanitse, ikani sodium nitroprusside ndi curcumin m'ma well opanda maselo muone ngati nitrite ikutsikanso, ndipo koposa zonse muonetse puloteni ya iNOS pa Western blot, njira yoonera kuchuluka kwa puloteni.

Pipeti_Yakale
Zikomo kwambiri. Za moyo wa maselo, MTT ikwanira? Ndi imene ilipo.

Mayi_Western
Ikwanira mukaichita mochenjera. Mankhwala ambiri a m'zomera a gulu la polyphenol amatha kusandutsa MTT kukhala yapepo popanda selo ngakhale limodzi, ndiye maselo akufa amaoneka ngati amoyo. Chotsani medium ya curcumin, tsukani kamodzi ndi PBS (madzi amchere a mu labu) yofunda pang'onopang'ono cham'mbali mwa well, kenako MTT ya 0.5 mg/mL kwa maola 2 mpaka 4, musungunule ndi DMSO, muwerenge pa 570 nm. Dziwaninso kuti MTT imayesa mmene selo likugwiritsira ntchito mphamvu, osati chiwerengero cha maselo, ndipo LPS payokha imasintha zimenezo. Choncho yerekezani ndi ma well a LPS ndi DMSO, osati ndi osaputidwa okha. Onjezani njira yachiwiri: trypan blue ndi hemocytometer sizidula kanthu. LDH ndi yabwino, koma imawerengedwa pa 490 nm pamene chikasu cha curcumin chimalowerera kwambiri.

Flow_Mzuzu
Ndipo amene akuganiza za flow cytometry kapena maikulosikopu ya fluorescence asamale. Curcumin amawala mobiriwira, pomwe pamawalira utoto wa FITC ndi DCF. Anthu amayesa ROS (tizinthu ta okosijeni toononga maselo) ndi utoto wa DCFH-DA n'kumadabwa ndi manambala. Ikani chubu cha maselo ndi curcumin chopanda utoto, ndipo ngati n'kotheka sankhani utoto wofiira kwambiri monga APC.

Agogo_a_Chifundo
Pepani ana anga, ine sindine wa labu, anandilowetsa m'gulu muno ndi mdzukulu. Mawondo amatupa. Supuni ya turmeric mu tiyi m'mawa uliwonse ingathandize kapena ndikungodetsa makapu?

Dotolo_Chiwindi
Agogo, funso lanu ndi limene likusowa m'mapepala ambiri. Ufa wa turmeric uli ndi curcumin pafupifupi 3%. Supuni yaing'ono ya magalamu atatu ndiye kuti muli mamiligalamu 90 kapena kucheperapo. Pa kafukufuku wa ku Taiwan wa mu 2001, anthu amene ankamwa magalamu 8 a curcumin patsiku, omwe ndi masupuni a ufa oposa 80, m'magazi mwawo munkapezeka 1.77 µM yokha pachimake. Matumbo ndi chiwindi zimamumata glucuronide ndi sulfate n'kumutaya msanga. Mnzathu wa puleti akuyesa 25 ndi 50 µM, milingo imene magazi a munthu safikako pomwa.

Mu tiyi kapena m'ndiwo turmeric sakupwetekani. Koma bondo lotupa likaonedwe kuchipatala, chifukwa nyamakazi ya ukalamba, gout, ndi bondo lolowa tizilombo chithandizo chake n'chosiyana. Likakhala lotentha, lofiira, ndipo thupi likutentha, musagone nalo.

NaZitsamba
Adokotala, mwasiya mbali ina. Ku Thailand mu 2014 odwala mawondo 367 anagawidwa pawiri, ena 1,500 mg ya zotengedwa mu turmeric, ena 1,200 mg ya ibuprofen patsiku kwa milungu inayi, ndipo ululu unatsika mofanana. Pa matenda a zilonda za m'matumbo akulu, ulcerative colitis, Hanai ndi anzake ku Japan mu 2006 anapereka magalamu 2 patsiku pamwamba pa sulfasalazine kapena mesalamine kwa miyezi 6. Matenda anabwerera mwa anthu pafupifupi 5% poyerekeza ndi pafupifupi 21% mwa olandira mankhwala achabe.

Dotolo_Chiwindi
Za m'matumbozo ndikuzivomera, ndipo zikugwirizana ndi zomwe ndanena: chimene sichilowa m'magazi chimatsalira m'matumbo momwemo, pomwe pali chilonda. Koma anthu anali 89 okha, ndipo curcumin anali wowonjezera, sanalowe m'malo mwa mankhwala enieni. Za ku Thailand panalibe gulu la mankhwala achabe, ndipo ululu wa bondo umatsika mwa ambiri pa milungu inayi ngakhale muwapatse chiyani.

Bizinesi_Limbe
Nanga makapisozi osakaniza ndi tsabola wakuda aja? Pabotolo amalemba kuti amalowa m'thupi ka 20. Ndikufuna kuyamba kuitanitsa.

Dotolo_Chiwindi
Nambala imeneyo inachokera kwa Shoba ndi anzake, 1998: piperine 20 mg pamodzi ndi curcumin magalamu 2, mwa anthu ochepa kwambiri, ndipo kukwerako kunali kwa kanthawi. Piperine amachita zimenezo potsekereza ma enzyme a chiwindi ndi matumbo, kuphatikizapo CYP3A4 ndi P-glycoprotein, omwenso amayendetsa mankhwala ena ambiri. Kuno kwathu anthu ochuluka ali pa ma ARV, ena pa mankhwala a TB monga isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide amene amalemetsa kale chiwindi. Ku America gulu lotsata kuvulala kwa chiwindi ndi mankhwala, DILIN, linafalitsa nkhani za anthu 10 amene chiwindi chinavulala ndi makapisozi a turmeric. Mmodzi anamwalira, ndipo 7 mwa iwo anali ndi jini ya HLA-B*35:01. Ku Italy mu 2019 kunalinso odwala angapo otere. Wa warfarin asayerekeze, magazi amatha kuchedwa kuundana. Maso akayamba chikasu, mkodzo kuda, kapena nseru yosatha, asiye pomwepo apite kuchipatala. Ndipo musanaitanitse kanthu kolembedwa kuti kamachiza, kafunseni kaye ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'Malawi.

Kemisiti_Wokayika
Onjezerani za lead. Ku Bangladesh ofufuza anapeza kuti ena ankapaka lead chromate pa mizu ya turmeric kuti iwale chikasu. Woitanitsa afunse satifiketi ya zitsulo zoopsa.

Bizinesi_Limbe
Eee, ndiye bizinesi yafera m'mazira.

Inkyubeta_5
Poti tapatuka kale, ndifunseko: magetsi akazima maola angapo, maselo a mu inkyubeta mumawataya?

Flow_Mzuzu
Musatsegule chitseko. RAW 264.7 amapirira kuzizira pang'ono kuposa kusowa kwa CO2. CO2 ikathawa, medium ya DMEM imasanduka yapepo chifukwa pH yakwera, ndipo curcumin amaphwasuka msanga kwambiri pH ikakwera. Fulasiki yongosunga mutha kuipulumutsa: tsekani chivindikiro, musinthe medium magetsi akabwera, muwapatse passage imodzi (kuwagawa n'kuwasamutsira m'fulasiki yatsopano) asanagwire ntchito. HEPES ya 10 mpaka 25 mM imathandizako. Koma puleti imene inali pakati pa kuyesa, itayeni, manambala ake sangafanane ndi a masiku ena.

Mayi_Western
Tibwerere kwa a Pipeti. Nitrite ndi chizindikiro chimodzi, ndipo chimabwera kumapeto. Mukafuna kunena za njira ya NF-κB muyenera kugwira chilichonse pa nthawi yake. LPS imagwira TLR4 mothandizidwa ndi CD14 ndi MD-2. IκBα amamatidwa phosphate m'mphindi 5 mpaka 15, n'kuzimiririka pofika mphindi 15 mpaka 30, kenako amabwereranso chifukwa NF-κB yemweyo amamupangitsa. Mukakolola pa maola 24 mupeza IκBα ali bwinobwino paliponse n'kuganiza kuti palibe chachitika. p65 m'nyukiliyasi muyang'ane pa mphindi 30 mpaka 60. mRNA ya iNOS, COX-2 ndi IL-6 pa maola 4 mpaka 6. TNF-α m'madzi a pamwamba imakhala itachuluka kale pa maola 4 mpaka 6. Puloteni ya iNOS, cha pa 130 kDa, ndi COX-2, cha pa 72 kDa, pa maola 12 mpaka 24. Za Western gwiritsani puleti ya ma well 6, maselo pafupifupi miliyoni imodzi pa well, mutsuke ndi PBS yozizira pa ayezi, ndipo mu lysis buffer musaiwale zoletsa phosphatase.

IL-1β musataye nayo ndalama za ELISA, mayeso a kuchuluka kwa ma cytokine m'madzi. RAW 264.7 alibe puloteni ya ASC, ndiye inflammasome ya NLRP3 sigwira bwino ndipo IL-1β yokhwima situluka moyenera. Mukaifuna, tengani J774A.1, THP-1, kapena ma macrophage a m'mafuta a m'mafupa a mbewa, ndipo pambuyo pa LPS muwonjezere ATP kapena nigericin.

Griess540
Zoyerekezera nazo zisasowe. Dexamethasone ya 1 µM ikuonetsani kuti maselo akumvera mankhwala odziwika. Choletsa iNOS monga 1400W kapena aminoguanidine chikuonetsani kuti nitrite ikuchokeradi ku iNOS. LPS ya 1 µg/mL ndi yambiri, RAW 264.7 amayankha bwino pa 100 ng/mL, ndipo mukawaputa mopyola mutha kubisa mphamvu yeniyeni ya mankhwala anu. Lembani mtundu wake, kaya E. coli O111:B4 kapena O55:B5, ndipo muigwedeze kwambiri musanatape chifukwa imamatirira m'chubu.

Mukaona ma well opanda LPS ali ndi nitrite yokwera, zifukwa zake zimakhala izi kawirikawiri: maselo anadzadza fulasiki mpaka kusanjikizana, munawapala mwankhanza, seramu ili ndi endotoxin (LPS yomweyo ya mabakiteriya), kapena muli mycoplasma, amene amaputa TLR2 koma saoneka pa maikulosikopu wamba. Yesani ndi PCR. Passage isapyole 30, ndipo ambiri amaima pa 20.

Chammwamba_Fan
N'chifukwa chiyani tikulimbana ndi chomera cha ku India pamene chammwamba chili kuseri kwa nyumba iliyonse ku Nsanje ndi ku Chikwawa?

NaZitsamba
Chammwamba nachonso kwawo n'ku India komweko, bambo. Koma mfundo yanu ndi yabwino. Masamba ake ali ndi glucomoringin, amene enzyme ya myrosinase imamusandutsa isothiocyanate tsamba likaphwanyidwa m'madzi osatentha. Mukaliwiritsa kaye, enzyme imafa ndipo isothiocyanate imatuluka yochepa. Imeneyi nayonso imagwira cysteine ngati curcumin, ndipo yaonetsedwa kuti imatsitsa iNOS mu RAW 264.7. Vuto la zosungunula zosayeretsa ndi lina: masamba amabwera ndi mabakiteriya, ndiye endotoxin imalowa n'kumaputa maselo yokha. Sefa ya 0.22 µm imachotsa bakiteriya koma osati endotoxin. Ikani ma well a chosungunula chokha popanda LPS, ena muwonjezere polymyxin B ya 10 µg/mL. Nitrite ikazimiririka ndi polymyxin B, chinaputa maselo si chomera. Ma tannin nawonso amamanga mapuloteni, ngakhale TNF-α imene mukuyesa pa ELISA.

Kemisiti_Wokayika
Ndipo curcumin wa m'botolo naye si mmodzi. Wamalonda ambiri ndi wosakaniza: pafupifupi magawo atatu mwa anayi curcumin, otsalawo demethoxycurcumin ndi bisdemethoxycurcumin. Werengani pabotolo, mulembe mu lipoti kuti ndi uti. Pa TLC ya silica amatuluka madontho atatu achikasu, n'zosavuta kuona.

Flow_Mzuzu
Mfundo imene ine ndimaiona yaikulu: awa ndi maselo a mbewa, osandulizidwa ndi kachilombo ka Abelson. Ma macrophage a munthu m'mbale satulutsa nitric oxide yochuluka chonchi akaputidwa ndi LPS, ndiye Griess sikuuzani zambiri za munthu. Ngati muli ndi chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku wa pa anthu, mayeso a magazi athunthu ndi otsika mtengo: magazi a heparin, musungunule ndi RPMI, muthire LPS, muyese TNF-α ndi IL-6. Mmenemo albumin imagwira curcumin wambiri, ndiye musadabwe mphamvu ikachepa. Kumeneko ndiye kuyandikira zenizeni. THP-1 ndi njira ina, koma PMA yowakhwimitsira imawaputa, muwapumitse tsiku limodzi kapena kuposa mu medium yopanda PMA musanathire LPS.

Pipeti_Yakale
Ndamva akuluakulu. Ndondomeko yatsopano: sitoko ya 20 mM, milingo 1.25 mpaka 20 µM, DMSO 0.1% paliponse, LPS 100 ng/mL, dexamethasone ndi aminoguanidine, mzere wopanda maselo, MTT nditatsuka kuphatikiza trypan blue, TNF-α pa maola 6, nitrite ndi iNOS pa maola 24. Ma well atatu pa mlingo uliwonse ndiye n = 3, si choncho?

Mayi_Western
Ayi. Ma well atatu a tsiku limodzi ndi n = 1. Pafunika masiku atatu osiyana, passage zosiyana, curcumin wosungunula mwatsopano tsiku lililonse. Ndipo polemba, nenani zimene mwaonazo basi: kuti pa mlingo wakutiwakuti, wosapha maselo, curcumin anatsitsa nitrite, iNOS ndi TNF-α m'ma macrophage a mbewa oputidwa ndi LPS. Mawu oti amachiza kutupa asapezekemo.

NaZitsamba
Onjezani gulu limodzi loti curcumin alowe LPS itadutsa kale maola awiri. Kuthira mankhwala LPS isanafike ndi kupewa, pamene wodwala amabwera kutupa kutayamba kale. Mphamvu imachepa kwambiri mukathira mochedwa, ndipo owerenga ayenera kuziona zimenezo.

Griess540
Ma well 36 a m'mphepete musaikemo maselo, mudzaze PBS, chifukwa amauma msanga ndipo nitrite imaoneka yokwera. Mutsala ndi 60, ndiye ndi magulu onsewa mufunika mapuleti awiri, lililonse likhale ndi LPS yokha ndi sitandadi yakeyake. Pothira curcumin zimitsani nyali ya mu hood.